Chipinda cha Kuseri

Lolemba ndinamaliza kupenta nyumba ku Borrowdale,
zipinda zisanu ndi chimodzi, zimbudzi zinayi,
agalu ali ndi khonde lawolawo.
Mwini wake ali ku Mangalande, amasambitsa nkhalamba usiku,
nyumbayi amangoionera pafoni.
Nditatsika pamakwerero panafika mnyamata wa tayi,
anakhoma chikwangwani pageti
n'kutchula mtengo osatsokomola n'komwe:
madola zikwi mazana anayi.
Ndinawerenga maziro ndi zala zothimbirira,
dzanja lonse linathera pomwepo.

Burashi yangayi imakweza mitengo.
Ndikadutsitsa kamodzi ming'alu imatseka pakamwa,
kachiwiri nkhungu ya dzinja latha imaiwalika,
khoma lomwe lija la dzulo
limadzuka likuyankhula Chingerezi.

Madzulo mu kombi ya ku Mabvuku
tathithikana anayianayi, chitini changa pamwendo,
nkhani ya lendi ikuyenda ngati uthenga wa maliro.
Ku Avondale fulati ikumeza malipiro onse,
ku Budiriro akufuna miyezi iwiri usanaone kiyi,
ku Ruwa ziliko zotsikirapo, koma madzi ngogula.
Wina kumbuyo akuti anagula puloti m'chilimwe,
mvula itagwa anapeza achule analowamo kale,
kenako kunabwera chigalimoto chogumula.
Tonse tinaseka.
Iyeyo ndiye anaseka kwambiri.

Bambo anga, a Tenisoni Chimbalanga,
anafika kuno wapansi kuchokera ku Bembeke
mzindawu usanasinthe dzina.
Anaphika m'makhitchini a eni zaka makumi atatu,
dzina lawo lili gone pamndandanda wa khonsolo
mpaka pepala linachita chikasu.
Ankati, tikapeza pathu tidzabzala mapeyala.
Malo okha amene sawagogodera mwezi ukatha
ndi pamene agonapo lero, kuseri kwa Tafara.

Lachisanu anagogoda Mai Gwatidzo, eni nyumba,
mawu ofewa ngati buledi wam'mawa.
Sindiwada. Ndi amasiye,
penshoni yawo inasungunuka chaka chija
ndalama zinkatuluka m'banki zitafa kale.
Chipinda chakuserichi ndiwo munda wawo,
ifeyo ndife chimanga chake.
Anati, mwanangu, khoma lada, ndagula penti,
katswiri ali pakhomo, ndiitaniranji wachilendo?
Ndinamva zimene sananene:
makumi asanu ndi atatu akhala zana ndi makumi awiri,
pali namwino wina anafunsa kale,
alibe mwana, sawiritsa nyemba pamagetsi.

Loweruka tinatulutsa bedi, mbaula, katoni ya makope,
moyo wathu wonse unakwana pansi pa chingwe choyanikira.
Ndinamata bowo la msomali wa kalendala,
ndinafafaniza mwaye wa makandulo a zaka zisanu,
ndinadzikumbira dzenje mosamala,
ngodya zowongoka, osadonthetsa pansi.

Pafelemu ya chitseko pali mizere ya pensulo,
msinkhu wa Ruvarashe:
apa atangoyamba kuyenda, apa atachira chikuku,
apa tsiku lovala yunifolomu.
Mitengo ya mzinda uno imakula kuposa mwana,
koma mizere yakeyi ndi yokhayo ndimaimvetsa.
Ndinathira madzi m'chitini, ambiri ndithu,
n'kudutsitsa kamodzi kokha,
ntchito yoipa yoyamba chigwirire burashi.
Likauma pensulo izionekabe pansi pake,
namwinoyo adziwe kuti muno munakulira munthu.

Dzuwa litapendeka mwanayo analowa, ananunkhiza,
anazungulira pakati pa chipinda chopanda kanthu,
mawu ake akubwerera kuchokera m'makoma.
Ababa, nyumba yathu yakongola!

Ndinatsuka burashi pampopi wouma
ndi madzi a m'chigubu, a dola imodzi.
Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikafunsa ku Epworth,
akuti kuli chipinda chosapaka pulasitala.
Chimenecho ndikachipeza
sindidzachipenta.